Thebulo la Kamphepo

A Gideon Daka a ku Nyampande anali ndi galu dzina lake Kamphepo, amene anamulela kuyambila ali kagalu kosatsegula maso. Anasaka naye zaka zisanu ndi zitatu, mpaka tsiku lina nguluwe inamung'amba galuyo pakhosi. Bala linapola, koma khosi linauma. Akamadya pansi ankachita kugwada, ndipo nkhuku ndi nkhumba zinkamulanda chakudya iye akuona.

Mu 1957 mwana wawo Mildred anakwatiwa ndi Febian Miti, kalipentala wochokela ku Fort Jameson, ndipo Febian anamanga nyumba pamudzi pa apongozi ake. Sanali munthu wa mawu ambili. Ataona mmene galu ankavutikila, anatenga bokosi lakale la palafini n'kuliika miyendo inayi. Pamwamba anaboola malo awili n'kukhazikamo mbale, ina ya madzi, ina ya chakudya. M'kati anaikamo chitini cha chivundikilo chosungilamo madeya, nkhoko zouma ndi mitu ya nsomba. Kachitseko anakamangilila ndi zidutswa za tayala la njinga. Atatha analiika pakhonde pa nyumba yake.

Anthu anabwela kudzaona. "Galu wa a Daka akudyela pathebulo ngati bwana wa ku boma!" anatelo amayi ena, ndipo a Daka anaseka nawo.

Kusekako sikunathe sabata. M'mawa a Daka akatuluka m'nyumba, pakhomo ankapeza pali zii. Kamphepo anali atagona kale pakhonde pa mkamwini, kudikila kachitseko kaja. Akaimba likhwelu, galu ankangogwedeza mchila ali chigonele. Lamlungu lina, potuluka m'chalichi ku Kaumbwe, anamupeza atakhala pambali pa njinga ya Febian. Anthu anaona, ndipo mmodzi anafunsa ngati galuyo anamupeleka kwa mkamwini.

"Ine ndinamunyamula paphewa magazi ali chuchuchu, kuchokela kuphili mpaka pano," anadandaula kwa akazi awo, a Bernadette. "Lelo andisiya chifukwa cha mitu ya nsomba?"

"Nanga munamupatsa chiyani dzulo?" anafunsa a Bernadette.

"Si nkhani ya kupatsa. Munthu wabwela dzulodzuloli, watenga mwana, tsopano watenganso galu."

"Mukawauze eni ake."

Koma mkamwini wosalakwa ungamuuze chiyani? A Daka anangoyamba kuyankha moni wa Febian ndi mphuno.

M'mwezi wa Ogasiti Febian anapeza ntchito yoika zitseko pasitolo ina ku Nyimba, ndipo ananyamuka. Tsiku lomwelo masana, Mildred ali kudimba, a Daka ananyamula thebulo lija n'kupita nalo kuseli kwa nkhokwe. Anatenga nkhwangwa n'kutema mwendo umodzi. Thabwa linang'aluka. Atakweza nkhwangwa kachiwili anaona Kamphepo ataima potelo, akuwayang'ana chammbali monga ankayang'anila ndi khosi lakelo. Anatsitsa nkhwangwa, n'kufunditsa thebulolo ndi mapesi.

Madzulo anamuikila chakudya pansi, paphale, ngati kale. Anaikapo ngakhale chiwindi cha mbuzi chimene a Bernadette anawasungila iwo. Galu anagwada movutikila, n'kuluma kamodzi. Nkhumba inabwela ndi liwilo, kumugunda, n'kutha zonse. Tsiku lachiwili zinali chimodzimodzi. Lachitatu Kamphepo sanayese n'komwe. Anapita kukagona pamalo pamene panali thebulo.

Mildred anabwela n'kugwada patali pang'ono. "Atate, thebulo la galu simunalione?"

"Ndine mlonda wa mathebulo ine?"

Mildred atachoka, a Bernadette analankhula osakweza mutu pa mtedza umene ankasenda. "Mukulanga ndani, bambo a Mildred? A Miti ali ku Nyimba, akudya bwino. Nthiti zikuoneka kunozi n'za galu wanu."

M'mawa mwake a Daka anafukula thebulo m'mapesi, n'kumanga mwendo wong'alukawo ndi luzi. Sanalibwezele kwa mkamwini. Analiika pakhonde pawo, pafupi ndi mpando wawo. Anatsegula kachitseko, ndipo Kamphepo anabwela akuthamanga. A Daka anamuyang'ana akudya ataimilila bwinobwino, mtima ukuwawa ndithu, chifukwa anaona kuti chinthucho chinapangidwa mwaluso.

Patapita masabata atatu Febian anabwela. Galu anamva belu la njinga ali kutali n'kuthamangila kumsewu, kusiya chakudya m'mbale.

Febian atapeleka moni, maso ake anagwela pa thebulo. Anagwada, n'kumasula luzi, n'kuyendetsa chala m'bala la nkhwangwa lija.

"Chiswe cha kuno n'choopsa, bambo," anatelo.

"N'choopsa," anavomela a Daka, akuyang'ana kumbali.

"Ndiikapo mwendo wa mtengo wolimba wa mukwa. Koma likhale pano pomwe. Ine ntchito zikundiyendetsa, galu angamagone ndi njala."

Anakonza tsiku lomwelo. Kuyambila pamenepo a Daka ndiwo ankatsegula kachitseko m'mawa ndi madzulo, ndipo sankalola munthu wina kukhudza chitinicho. Kamphepo ankadya kwa iwo, koma masana ankakagona m'zinyenyeswa za matabwa kwa Febian. A Daka ankamuona ali pampando pawo, ndipo masiku ena ankadzuka n'kupita kumunda popanda chokachita.