Mfuti ya ku France

Mabokosi a zida atafika kumsasa wathu ku Missouri, m'chaka chachiwiri cha nkhondo yapachiweniweni, sajeni anatulutsamo mfuti za m'chiuno zowerengeka chabe. Zinali za ku France, zodzera panyanja. Imodzi inagwera msuweni wanga Orrin. Orrin! Munthu woti ngakhale chitseko cha khola amachiphonya ataima pafupi.

Ine ndinatsala ndi yanga yakale ija. Uthire onga m'bowo, ukankhire mtovu, umate mafuta, uveke kachipewa koyatsira onga kumbuyo, bowo lililonse chimodzimodzi, zala zitauma ndi chisanu. Ya Orrin ayi. Ankangotsegula kachitseko pambali n'kulowetsa chipolopolo chamkuwa chopangiratu, chokhala ndi kamsomali kotulukira m'mbali. Kanyundo kakamenya kamsomaliko, phuu! Kunsi kwa chigwiriro kunali kamphete komangapo chingwe, ndipo iye ankakaliza dala ndikamadutsa.

"Lemuel, ukuphikabe phala m'kamfuti kakoko?" ankatero. "Adani akabwera uwauze adikire lipse."

Anzathu kuseka. Ine nsanje inkandidya moti ngakhale khofi amene ankandiwawa.

Koma ndinali ndi chimodzi chimene iye analibe. M'gulu lathu aliyense ankabwera ndi hatchi yakeyake, ndipo yanga, Juniper, ndinaiyamwitsa ndekha ndi botolo mayi wake atafa. Kuthamanga kwake panalibe wofikapo. Ya Orrin inali nkhalamba yopindika msana.

Tsiku lina tikumwetsa mahatchi kumtsinje, Orrin anandiponyera mfuti ija. "Taigwire msuweni, usafe ndi maso."

Inakhala m'dzanja langa ngati anachita kundiyeza.

"Ukufuna chiyani?" ndinafunsa.

Anangosisita khosi la Juniper.

Tinagwirana chanza anthu akuona, ndipo kwathu chanza sichibwezedwa. Anandipatsa mfuti, nkhalamba yake ija, ndi zipolopolo zodzaza dzanja limodzi. Ine ndinamupatsa Juniper ndi mfuti yanga yakale ija. Juniper anacheuka kundiyang'ana akumukoka, ine n'kuyang'ana kumbali.

Zipolopolozo sizinachedwe kutha, poti ndinkafuna aliyense andimve. Ndinapita kwa sajeni kukapempha zina.

"Za kamsomali?" Anandiyang'ana ngati ndapenga. "Zinabwera bokosi limodzi lomwe lija. Zina mpaka ziwoloke nyanja, ndipo palibe amene waitanitsa. Orrin ndinamuuza kalekale. Sanakuuze?"

Ndinathamangira nayo mfutiyo kwa wosula nsapato za mahatchi. Anaitembenuza uku ndi uku n'kundibwezera. "Onga ndi mtovu zili mbwee, koma iyi sidya zimenezo. Chikomekome cha mkuyu, m'bale wanga."

Nkhondo yonse ndinaimaliza ndi mfuti yaitali yobwereka, ndili kumapeto kwa mzere, kumeza fumbi la Juniper. Orrin anatenga kamfuti kakale kaja, komwe ankati n'kophikira phala, ndipo sikanagone ndi njala tsiku ndi limodzi lomwe.

Lero tonse tachita imvi. Mfuti ija ili m'khitchini, mkazi wanga amaswera mtedza ndi chigwiriro chake. Juniper anabereka kasanu, ndipo ana ake onse ali m'khola la Orrin. Lamulungu lililonse amadutsa pakhomo panga popita kutchalitchi, atakwera mdzukulu wa hatchi yanga, wa banga loyera pamphumi ngati agogo ake. Ndimati ndisatuluke, koma ndikamva ziboda miyendo imandifikitsa yokha pampanda.

Orrin amavula chipewa mwaulemu.

"Msuweni, zipolopolo zija zafika?"