Ambulera ya Mikaeli wa ku Phanga

Asegedech anamenya denga la minibasi katatu ndi chikhatho. "Yirga, ima! Ine ndatsika pano."

Yirga, mwana wake, ndiye ankayendetsa. Anaponda buleki mwadzidzidzi, abale onse m'galimoto n'kugundana mitu. Panali pamphambano pouma gwa, kanjira ka mbuzi katalunjika kuphiri la Wofcho. Ulendo unali wa ku Lalibela, poti masana omwewo chikondwerero cha Timkati chimayamba, pamene tchalitchi chilichonse chimatulutsa taboti yake, thabwa lopatulika la paguwa, kupita nayo kumadzi.

"Amayi, pano n'patchire. Mukufuna kukadzithandiza?"

"Ndikufuna katundu wanga."

Katunduyo anali ambulera ya tchalitchi, yofiira, ya mphonje zagolide, yokulungidwa m'thumba la feteleza. Nkhani yake onse ankaidziwa. Yirga atapita ku Arabiya kudzera m'chipululu anangoti zii zaka zisanu ndi ziwiri, anthu mpaka anayamba kupepesa mayi ake ngati anamfedwa. Tsiku lina pochokera kogula uchi, mvula inamuthamangitsira Asegedech m'katchalitchi ka Mikaeli Woyera, kosemedwa m'phanga pa Wofcho. M'menemo analira mpaka mawu kutha, n'kulonjeza kuti mwana akabwerera adzabweretsa ambulera, ndipo mwanayo ndiye adzaigwire pamwamba pa taboti. Mwana anabweradi, wonenepa, ndi nsapato zosongoka ndi malaya a manja aatali amene sankawapinda ngakhale kutenthe bwanji.

"Achemwali, Mikaeli ndi mmodzi yemweyo," anatero Bizunesh, mng'ono wake, mutu uli pawindo. "Ku Lalibela alikonso, ndipo wa kumeneko ali ndi magetsi."

"Wa magetsiyo ali ndi maambulera mazanamazana. Ine ndinalirira wa mileme."

"Amayi, musandichititse manyazi," anatero Yirga. "Dziko lonse lili ku Lalibela lero, ndi a kanema omwe. Amene ankati ndinafa akandione ndili ndi ambulera m'manja. Kuphangako akandiona ndani, anyani?"

"Amene anakuona m'chipululu. Pita ukajambulidwe ndi azungu, bwanawe. Njira ndi iyi, ukaifuna."

Anaika thumba paphewa, osacheuka. Kumbuyo anamva injini ikulira, kenako kulira kuja kunazilala.

Koma phiri limenelo! Zaka zija analikwera mawondo akadali ake. Tsopano ankapuma pamwala uliwonse, n'kutafuna balere wokazinga wa m'mpango, kwinaku akukalipa. Anamukalipira Bizunesh, nsapato zosongoka, kanema, ngakhale nkhwali imene inamudzidzimutsa. Panjira yonse anakumana ndi bulu mmodzi yekha, nayenso wopanda mwini. Mkwiyo utatha panatsala mantha. Ankaopa kuti lonjezo latheka si lonjezo, ndipo amene anamubwezera mwana akhoza kumutenganso.

Anafika dzuwa litapendeka. Pakhomo pa phanga panali anthu khumi ndi mmodzi, onse okalamba, atafunda nsalu zoyera. Achinyamata a m'mudzimo anali atakwera malole a ku Lalibela. Wansembe Mebratu, wowonda ngati ndodo yake yomwe, anali atavala kale mkanjo. Pambali pake mkulu wina anagwira ambulera ya mvula, yakuda, nthiti ziwiri zili panja.

"Imeneyo n'chiyani, abambo?" anafunsa Asegedech atapsompsona mtanda.

"Yathu makoswe anadya, mwana wanga. Iyi tabwereka kwa aphunzitsi."

Asegedech anatsegula kukamwa kwa thumba pang'ono. Mphonje zitang'anima, amayi amene analipo anagwira pakamwa, ndipo mkulu uja anatambasula dzanja.

"Ayi, bambo. Ili ndi mwini wake, akubwera."

"Ali pati?"

"M'njira."

Sankadziwa ngati n'zoona. Anakhala pamwala wa pakhomo penipeni, thumba lili pamiyendo, moti taboti sikanatha kutuluka popanda kumudumpha. Mthunzi wa phanga unatalika. Wansembe anatsokomola kawiri.

"Mwana wanga, taboti iyenera kufika kumadzi dzuwa lisanalowe."

"Mikaeli ndinamudikira zaka zisanu ndi ziwiri, abambo. Nayenso andidikireko pang'ono."

Mayi wina anati "Hii!" n'kudzilemba mtanda. Wansembe anayang'ana kumbali, ndevu zikugwedera, kaya kunali kuseka kaya kupsa mtima. Asegedech anangoti maso tong'o kukanjira kaja.

Choyamba kuoneka zinali nsapato zosongoka, zikulendewera m'dzanja. Kenako Yirga, thukuta kamukamu, chala chaphazi chikuchucha magazi.

"Ndawasiya pamphambano ina kutsogoloko," anatero akupuma wefuwefu. "Amayi aang'ono akunditukwana mpaka pano."

"Awasangalatse magetsi. Gwira apa."

Belu laling'ono linalira. Wansembe anatuluka taboti ili pamutu, yokutidwa ndi nsalu yopetapeta yotha mtundu. Yirga anatambasula ambulera n'kuikweza ndi manja awiri, ndipo manja a malaya aja anatsetserekera m'zigongono. Apo ndi pamene mayi ake anaona. Mikono yonse inali zipsera zokhazokha, zozungulira, zamoto, zoikidwa ndi munthu mwadala, chimodzichimodzi.

Yirga anaona kuti aona. Akanatsitsa ambulera kuti abise, koma sanatsitse.

"Kumeneko kunalibe mthunzi, amayi," ananong'ona.

Misozi inadzaza maso a Asegedech. Ankafuna kufunsa ndani, liti, kangati. M'malo mwake anaponya mutu kumbuyo n'kuimba nthungululu yomwe inadzutsa mileme yonse m'phangamo, amayi okalamba aja n'kuilandira.

Anayamba kutsetsereka kupita kukasupe, anthu khumi ndi anayi basi. Asegedech anatola nsapato zija n'kuziponya m'thumba la feteleza, n'kuyenda kumbuyo kwa mwana wake.

"Kweza bwino, iwe," anatero akupukuta maso. "Mphonje zikuwakola abambo ndevu."