Kuseri kwa Njovu ya ku Ingagula

Lawson anali atafika pa khutu lachiwiri la njovu pamene msana unayamba kudandaula. Ntchito yake m'kasitudiyo ka Américo inali yomweyo tsiku ndi tsiku: kuzunguliza kamzere pakompyuta m'mphepete mwa nyama, kuizula pachithunzi, n'kuikhazika patchire lokongola. Alendo ogula makhadi sankafuna fumbi la malasha, mawaya kapena nyumba za kampani. Ankafuna njovu basi, ngati kuti njovu za ku Hwange sizidziwa njira ya kukomboni ya Ingagula, kumene Lawson ankakhala.

Imeneyi Américo anaijambula kumeneko mu Ogasiti, ikugwetsa mpanda wa dimba la eniake. Ankaifuna isanakwane 12 koloko, chifukwa magetsi akazima masana, kubwera kwake n'kwa mawa, ndipo wogula ankafika madzulo kudzaona chitsanzo.

"Mchira usaudule ngati dzulo," anatero Américo ali pakhomo. "Njovu yopanda mchira ndi nkhumba yonenepa."

Lawson analibe mphamvu zoseka. Atakuza chithunzicho kuti atsate ubweya wa kumchira, anaona munthu chapatali kuseri kwa njovuyo, ataima ndi njinga. Chipewa chong'ambika chija, phewa limodzi lotsika lija. Anali bambo ake, a Davison, amene anawaika m'manda milungu isanu yapitayo.

Mdalayo anagwira ntchito mumgodi zaka makumi atatu, ndipo chithunzi chake chinali chimodzi chokha, cha pachiphaso cha ntchito. Tsiku lopuma pantchito anachibweza ku ofesi pamodzi ndi nyali. Pamaliro, abale ochokera ku Dedza atapempha chithunzi chokaonetsa kumudzi, amayi ake a Lawson, a Esnath, anangozyolika. Manyazi a tsikulo anali asanamuchoke Lawson.

Tsono pasitudiyopo nyama ikazulidwa, zotsala ankazifufuta pomwepo, poti kompyutayo inali nkhalamba yodzaza kale. Pepala lonyezimira nalonso linali litatsala limodzi, losungira chitsanzo cha wogula. Chaka chimenecho ngakhale sopo ankasowa m'sitolo, nanji pepala.

Anamaliza mchira. Njovu anaiika pambali, ndipo nthawi yoibwezera panalibe. Papepala lomaliza lija anasindikiza zotsalazo, zija zoyenera kutayidwa. Pepala litangotuluka, magetsi anazima.

Américo analinyamula ali wokonzeka kukalipa. Pakati panali chidzenje choyera chooneka ngati njovu, m'mbali fumbi ndi mawaya. Lawson anangoloza ndi chala munthu wa njinga uja. Américo anayang'anitsitsa nthawi yaitali, kenako anapuma mozama.

"Ndi mdala Davison uyu," anatero motsitsa mawu. "Tenga. Maliro n'kulirana. Wogulayo ndimuuza za magetsi, bodza lake n'lochepa."

Lawson anayenda wapansi mpaka ku Ingagula, dzuwa likumuwotcha paliwombo, pepala lili m'kati mwa shati. Anawapeza amayi ake akusankha nyemba pakhonde, nawaonetsa pepalalo.

"Nanga chidzenje ichi?" anafunsa.

"Panali njovu, amayi."

"Ndaziona zambiri zimenezo."

Anapukuta manja pachitenje, nabweretsa pepalalo pafupi ndi maso. Nyemba zinayamba kutayikira pansi, koma sanazitole.

"Chipewa chimenechi," anatero, "ndinawauza kangati kuti achitaye?"