Zitsononkho za Nsanza Yofiira

Dzina langa ndi Cathrine, koma kuno ku Zingalume mukafunsa dzina limenelo anthu angokuyang'anani. Funsani amake Terrance, wapampando wa komiti ya chitsime, ngakhale mwana akulozerani. Zoti pakamwa panga m'pakuthwa ndimazidziwa ndekha, musavutike kundiuza.

Chaka chatha mvula itangoyamba, mdzukulu wanga Idesi anatsegula m'mimba masiku anayi mpaka maso kulowa. Tinathamanga naye panjinga ku kiliniki, anamuika diripi, anachira. Koma anesi anandiuza mosabisa kuti madzi a chitsime chathu cha kudambo ndi oipa. M'mudzi monse munadwala ana asanu ndi awiri. Paja wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ine ndinayamba kusaka wotiipitsira madzi, ndipo sindinachedwe kumupeza.

Kumtunda kwa chitsime, chakumanzere, kumakhala a Selina, amake Pemphero, mayi wamasiye amene makolo awo anathawa nkhondo ku Mozambiki. Mayiwa ali ndi khola la nkhumba zisanu ndi imodzi. Nkhumba, abale! Mphepo ikatembenuka, fungo lake limakupeza uli pamtondo. Ndinaitanitsa msonkhano, ndinalankhula mpaka thovu kukamwa, komiti n'kugamula kuti pofika Khirisimasi ya chaka chino nkhumba zichoke, apo ayi mwini wake asamuke nazo. A Selina alibe malo ena, ndipo nkhumbazo ndi zimene zimawalerera ana atatu.

"Amake Terrance, mwandiweruza musanaone," anatero iwo.

"Mphuno yanga inaona kalekale," ndinawayankha, anthu n'kuseka.

Chaka chino, kumapeto kwa Okutobala, kunabwera a Fanwell, a zaumoyo, kudzatiphunzitsa za madzi pabwalo la tchalitchi. Ine ndinawatulira nkhani ya nkhumba asanakhale n'komwe pampando. Anamvetsera, kenako anamwetulira.

"Mayi, madzi saiwala khwawa. Bwanji tiwafunse eni akewo kumene amadzera?"

Anafotokoza chonchi. Banja lililonse lokhala kumtunda kwa chitsime litole zitsononkho khumi, lizimange tinsanza, banja lililonse mtundu wakewake. Tiziike kuseri kwa khola, kuseri kwa chimbudzi ndi padzala. Mvula yamphamvu yoyamba ikadzagwa, tonse tidzathamangire kuchitsime. Chitsononkho chimayandama, ndiye kumene chadzera ndi kumene zonyansa zimadzera.

Iii, mudzi unatekeseka ngati kukubwera mpira wa makapu! A Fulansisi, a ng'ombe zambiri aja, anatenga zoyera. A Langton anang'amba malaya obiriwira. A Selina anang'amba yunifomu yakale ya Pemphero, yabuluu. Nyumba yanga nayonso ili kumtunda, chakumanja, ndiye ndinavula duku langa lofiira pamaso pa anthu onse, khwee! kung'amba.

"Zangazi muziyang'anitsitse, zidzaphukira pomwepo!" ndinatero.

Tikubwerera kunyumba amuna anga a Lenard anayamba, "Amake Terrance, koma ngalande ija munandikumbitsa..."

"Inu bambo, ngalande ikukhudzana bwanji ndi nkhumba? Tiyeni uko!"

Ananditsatira, monga achitira zaka makumi atatu.

Tinadikira milungu itatu. Munthu aliyense khosi linawawa n'kuyang'ana kumwamba. Kamtambo kakangoti bii kumbali ya ku Pembamoyo, amayi ankasiya mitondo n'kuyamba kukuwirana, kenako kamtamboko n'kupita. Azibambo ankanyozana panjira kuti, "A Fulansisi, zoyera zanu mwazidyetsa? Zidzathamangatu!" Ine ndikakumana ndi a Selina ndinkangowauza kuti ayambe kufunsira ngolo.

Lachinayi lina masana ndili pakhonde kusenda mtedza wa mbewu, mphepo inasintha. Chiphaliwali ng'anii, bingu gugudu, mvula n'kukhuthuka ngati wina wagubuduza mgolo. Ndinataya lichero pomwepo. Ine ndi mawondo angawa sindinathamangepo chimwalirire apongozi anga, koma tsiku limenelo ndinasiya patapata m'matope osatembenuka. Ndinkafuna chabuluu choyamba ndichitole ndi dzanja langa.

Ndinafika ndekha. Madzi ofiira ankatsika m'kanjira kathu kotungira madzi, n'kumalowa m'chitsime pambali pomwe panagumuka. Mtima unkangoti phaphapha ndi chisangalalo. Kenako ndinachiona chikubwera, chikugubuduka, chikuvinavina pamadzi. Ndinawerama n'kuchigwira.

Nsanza yake inali yofiira.

Ndinati mwina matope aipaka. Ndinaitsuka, ndinaifinya, mayo ine, duku langa lenileni! Ndisanaweramuke chinafika chachiwiri, pambuyo pake ziwiri zotsatana, zonse zofiira. Kumtunda ndinamva anthu akubwera, akuimba, wina akuomba chigubu. Musandifunse zimene ndinaganiza, manja anachita okha. Ndinazikulunga zinayi zonse m'chitenje, pamimba, n'kumanga zolimba.

Anthu anafika ali chinyowere, akuseka, akukankhana. A Fanwell anali kwa a Langton tsiku limenelo, ndiye nawonso anafika atafunda thumba la feteleza. Tinazungulira chitsime maso ali pamadzi. Patapita kanthawi chinatulukira choyera chimodzi, chikutsika pang'onopang'ono, anthu n'kuphulika.

"Ng'ombe yafika! A Fulansisi agoletsa!"

A Fulansisi anagwira kumutu, amayi akuwaimbira nthungululu. Tinadikiranso, koma sikunabwere china.

"Chimodzi si umboni," anatero a Langton. "Zabuluu zakodwa penapake basi. Tonse timalimva fungo. Chigamulo chikhale chomwe chija, si choncho apampando?"

Onse anatembenukira kwa ine. A Selina anaima kumbuyo okhaokha, madzi akuyenderera kumaso, manja atawapinda pachifuwa. A Fanwell ankayang'ana kanjira kaja atakwinya nkhope.

"Zachilendo," anatero. "Madzi onsewa abwera opanda kanthu?"

Zitsononkho zija zinkandikanda pamimba. Ndikanangoti inde, nkhani ikanathera pomwepo, ndipo palibe akanadziwa. Koma chaka chamawa ana akanadwalanso, nkhumba zitachoka kale. Ndinachita manyazi oti sindinachitepo chibadwire, ndiponso ndinapsa mtima, kudzipsera ndekha. Ndinamasula chitenje. Zinayi zonse zinagwera m'matope, pha pha pha pha.



"Zinafika poyamba ndi izi," ndinatero. "Ndinazibisa. Mukundiyang'ana chiyani, simunaonepo munthu wabodza?"

Ha, phokoso lake! Wina anagwa pansi n'kuseka. Wina anakuwa kuti, "Apampando agoletsa zinayi!" A Fanwell anakweza dzanja n'kunena kuti tiwatsatire madziwo kumene akuchokera, ndipo gulu lonse linayamba kukwera mtunda, chigubu chikulira, ngati tikuperekeza mkwatibwi. Ine ndinali patsogolo, wopanda nsapato.

Kanjira kanatifikitsa pa ngalande. Ngalandeyo ndinawakumbitsa a Lenard zaka ziwiri zapitazo kuti madzi asamadzaze pabwalo langa, ndipo udzu wonse wa m'mbali ndinaupalira poopa njoka. Inkadzera kuseri kwa khola langa la mbuzi, n'kupsompsona chimbudzi, n'kulunjika kuchitsime osapuma paliponse. M'njiramo tinatola zofiira zina zitatu. A Lenard anangokhosomola, koma chifuwa chimenecho ndinachimva bwino.

Kenako tinawolokera kumanzere. Kunsi kwa khola la a Selina kuli mizere itatu ya udzu wa vetiva ndi nthochi zowirira. Zabuluu zinali pamzere woyamba, khumi zonse, zitatsamira udzu pamodzi ndi ndowe ndi zinyalala. Madzi ankatuluka kuseri kwa mzere wachitatu pang'onopang'ono, ambiri akulowa pansi.

"Mwaona?" anatero a Fanwell. "Madzi ukawathamangitsa amanyamula zonse. Ukawaimitsa amatula katundu. Mayiwa akhala akukutetezerani chitsime inu mukuwanena."

Amayi anaimba nthungululu, ena anayamba kale kukangana za tsiku lokwirira ngalande ndi lomanga pakamwa pa chitsime. A Fulansisi ankafunsa ngati vetiva angamere kunsi kwa khola la ng'ombe. Ine ndinapita pamene anaima a Selina n'kugwada m'matope momwemo.

"Amake Pemphero, ndinakulakwirani. Nkhumba zanu sizichoka. Ndanena ine, ndipo komiti yamva."

Anandiyang'ana osaseka, osakwiya.

"Zatsala zinayi," anatero. "Ziwiri ndinagulitsa sabata yatha, ndinkaopa Khirisimasi. Yaikazi ya bere ija inapita."

Ndinakhalabe chogwada m'matopemo.

"Dzukani, amake Terrance, mukudetsa chitenje," anatero. "Mawa mubwere ndi khasu lanu. Vetiva ndikupatsani."