Madisiki Amapasa

Amuna anga anali wojambula zithunzi. Atamwalira anandisiyira situdiyo, kamera imene mpaka pano imandikana, ndi shelefu ya madisiki, tija timabokosi tachitsulo tosungamo zinthu za pakompyuta. M'menemo munali chithunzi chilichonse chimene anajambula chiyambireni ntchito: maukwati, ana a sukulu, magulu a kwaya, azibambo atanyamula satifiketi pachifuwa. Ine ndimangojambula tizithunzi ta pachiphaso. Chimandidyetsa ndi shelefuyo. Munthu amabwera kunena kuti mayi ake atisiya, akufuna chithunzi chija anajambulitsa atavala diresi yachikasu, ine n'kufufuza, n'kusindikiza, iye n'kulipira.

Malemuwo anali ndi kachitidwe kawo. Disiki iliyonse inali ndi inzake yofanana nayo ndendende, iwo ankati mapasa. Imodzi ankaidontheza kadontho kofiira, inzakeyo kobiriwira. Loweruka lililonse asanatseke ankakhala pansi n'kumakopera za m'yofiira kupita m'yobiriwira, ine nditaima pakhomo chikwama chili m'manja, miyendo ikuwawa, minibasi zikutha pasiteji.

"Chithunzi chosungidwa malo amodzi n'chotayika kale," ankatero, osatembenuka n'komwe.

Zinkandinyansa, ndisaname.

Tsono wojambula sakhala ndi chithunzi chake. Za ukwati wathu zinadyedwa ndi chinyontho kalekale, ndipo pamaliro tinachita kukulitsa ka pachiphaso kamene anakwinya nkhope ngati wina wawaponda chala. Patapita miyezi, ndikufufuza za kasitomala wina mu disiki yakale kwambiri, ndinapeza chithunzi cha wometa wa kumsika ataima pambali pa mpando wake watsopano. Kumbuyo kwake kunali galasi lalikulu, ndipo m'galasimo munali amuna anga. Kamera anaiika pa miyendo yake itatu, iwo ataima pambali, chala chili pa batani, manja a shati atapinda, akuseka mano onse panja. Ndi mmene ndinkawadziwira ine.

Mufunsa kuti bwanji sindinachisindikize. Aliyense amafunsa. Ndinkafuna chidzatuluke chachikulu pa pepala labwino, osati pa pulinta yanga yokoka mizere. Komanso chinali pawiri, kofiira ndi kobiriwira. Ndinkachitsegula m'mawa ndisanasese, n'kuchitseka kasitomala akalowa.

Kenako kunabwera alamu anga, mng'ono wawo wa malemu. Amakonza mafoni ndi makompyuta, ndipo anthu amawatchula kuti Injiniya, ngakhale pepala la uinjiniya palibe analionapo. Kabenchi kawo ka mumsewu kanali katagwetsedwa, ndiye ndinawapatsa kona ya kumbuyo kwa katani, pamene pankakhala mipando yosweka. Si munthu woipa. Vuto lawo ndi lakuti akamva chinthu pa intaneti sagona nacho.

"Alamu, mukudziwa kuti mwakhalira ndalama?" anandifunsa tsiku lina, maso ali pa shelefu.

"Ndikanaikhalira bwenzi ikundibaya."

Anakoka sitululu n'kuyamba kundiphunzitsa. Akuti kuli ndalama ya pa intaneti, kiripito, imene ena amaikumba ndi makina odya magetsi kwambiri, koma kwatuluka ina yongofuna malo opanda kanthu pa disiki. Umadzaza malowo ndi manambala, ngati matikiti a mpikisano. Kenako kwinakwake kumaitanidwa nambala usana ndi usiku, ndipo amene tikiti yake yayandikira ndiye wapata. Malo ambiri, matikiti ambiri. Disiki imangozungulira, iwe uli pa zako.

"Nanga ndalamayo amaitulutsa ndani?"

"Palibe, alamu. Imangotuluka yokha."

"Ngati nsikidzi."

Anaseka, koma sanasiye. Anati ali ndi madisiki akale amene makasitomala anasiya osadzatenganso, angofuna soketi ndi pakona pomwepo. Ndinavomera chifukwa chotopa ndi kumvetsera. Ndinangowauza kuti za madontho zija asazigwire, ofiira kaya obiriwira. Anagwira pachifuwa n'kulumbira pa dzina la akulu awo.

Kuseri kwa katani kunayamba kulira. Si phokoso lalikulu, ndi kaja kamalowa m'mano, kamene umakazindikira magetsi akazima. Chipinda chinayamba kutentha. Fani yanga, imene inkauzira makasitomala, inasamukira kwa madisiki, ndipo anthu a ziphaso ankatuluka pachithunzi chipumi chikunyezimira thukuta. Mayunitsi a magetsi amene kale ankafika kumapeto kwa mwezi anayamba kutha pakati. Mita ikalira, Injiniya ankakhala woyamba kudumpha, koma chikwama chotseguka chinali changa.

Pa kompyuta yawo panali mzere wosonyeza nthawi imene tiyembekezere kuti tipate. Poyamba unkati miyezi. Ndinaupenyanso tsiku lina ukuti chaka. Ndinafunsa kuti kodi tikupita kutsogolo kapena m'mbuyo.

"N'chifukwa anthu achuluka," anayankha. "Kunja kuli ena adzaza nyumba zathunthu ndi madisiki. Iwo akawonjezera, gawo lathu limachepa."

"Ndiye tilekeni."

"Ayi, tiwonjezere malo."

Yankho linali limenelo tsiku lililonse. Mtengo wa ndalamayo ukatsika, tiwonjezere malo. Kadisiki kothamanga kopangira matikitiwo katapsa, anagula kena ndi ndalama ya foni ya munthu, n'kunenanso kuti tiwonjezere malo. Anayamba kuonda. Ankadya ataima, maso ali pa mzere uja, mafoni a anthu ali mbwee patebulo osakonzedwa. Ndinkawamvera chisoni n'kumafunanso kuwaponyera nsapato.

Mwana wanga wamkazi atachira kuchipatala, ndinapita kukamuthandiza wakhanda kwa masabata angapo. Makiyi ndinasiyira alamu. Ndikanasiyira ndani?

Nditabwerera, kutentha kunandilandira pakhomo. Shelefu inali mbee. Ndinakoka katani n'kupeza madisiki onse a malemu atandandalikidwa pa thabwa, nthambo zili piringupiringu, timagetsi tikuphethira. Injiniya anaimirira akumwetulira ngati mwana wakhoza mayeso.

"Musadandaule, alamu, palibe chatayika. Ndinakhala pansi n'kuyerekeza chithunzi ndi chithunzi. Zonse za m'zobiriwira zilimonso m'zofiira, ngakhale chimodzi chosiyana. Akulu anga ankangowononga malo. Ndiye zobiriwirazo ndafufuta ndaikamo matikiti. Zofiira sindinachotse kanthu, ndangodzaza pamene panatsala."

Ndinakhala pa mpando wa makasitomala, chikwama chili pamiyendo. Chimene chinandipweteka n'chakuti ananena zoona: anayerekezadi. Anataya masiku akuonetsetsa kuti mapasawo ndi ofanana, kenako n'kupha mmodzi chifukwa chofanana ndi mnzake.

"Alamu, inu ndi Injiniya wa chiyani?" ndinawafunsa. "Munthu wokonza makompyuta osadziwa chifukwa chimene chinthu amachisungira pawiri? Foni ndinali nayo. Safunsa anadya phula, mukudziwa?"

"Ndimafuna mudzapeze zitayenda."

"Bwezani. Lero. Muyambe ndi yakale ija."

Sanatsutse. Anachotsa matikiti mu yobiriwira imodzi, akuusa moyo ngati akutaya katundu wa bambo awo, n'kuyamba kukopera kuchokera mu yofiira yakale ija, mmene munali wometa ndi galasi lake. Ndinaigwira ndi chikhatho, inali yotentha ngati ayironi. Disiki imeneyo inali yokalamba. Zaka zonsezi inkagona pa shelefu, kudzutsidwa pang'ono m'mawa n'kugonanso, ndiye alamu anaithamangitsa masabata osapuma m'chipinda chopanda windo.

Kamzere kosonyeza kukopera kanayenda pang'onopang'ono. Ndinajambula mnyamata wa chiphaso cha galimoto, ndinasesa, ndinabwera kudzakapenya. Kanali kasanafike pakati. Cha m'masana kanaima. Kenako disikiyo inayamba kulira kuti tiki, tiki, tiki, ngati wotchi ya pakhoma.

Injiniya anazimitsa, anayatsa. Anasintha nthambo. Anaikulunga m'pulasitiki n'kukaiika mufiriji ya sitolo yoyandikana nafe, akuti nthawi zina zimathandiza. Itabwera inalira chimodzimodzi. Zimene zinakopeka tisanafike pamenepo zinali maukwati a anthu ena ndi kwaya ina yovala mikanjo yofiirira. Wometa munalibe.

"Nanga m'yobiriwira?" ndinafunsa. "Inu nomwe mumabwezera anthu zithunzi zofufutika m'mafoni."

Anayang'ana pansi. "Zofufutika wamba zimabwezeka, alamu, chifukwa zimakhala zikadali momwemo, zangobisika. Koma matikiti aja amalemba pamwamba pa chilichonse. Amadzaza mpaka pakamwa."

Ndinkayembekezera kuti ndikuwa mpaka msewu wonse udzaze pakhomo. Koma ayi. Ndinali nditatopa ndi ulendo, ndi kulira kwa wakhanda, ndi kaphokoso kaja, ndi umasiye wonse. Amene analira ndi iwo, bambo wamkulu ndevu pepeya, atakhala pa sitululu disiki ili m'manja. Sankadziwa n'komwe za chithunzi cha m'galasi. Nditawauza kuti munali akulu awo akuseka, anatuluka panja n'kukaima nthawi yaitali pafupi ndi mpope.

Mawa lake anazula zonse. Chipinda chinakhala zii, fani inabwerera pamalo pake. Anali atalowa m'gulu la okumba ogawana tochepa timene apata, ndiye anatulutsa gawo lawo lonse la miyezi yonseyo n'kundigulira mayunitsi. Anatha lisanafike Lamlungu lachiwiri. Madisiki awo akale anayesa kugulitsa, koma aliyense wokumba ankagulitsanso ake, moti mpaka pano ali m'katoni pansi pa tebulo.

Makasitomala a zaka za disiki yakufa ija anayamba kubwerera chimanjamanja. Mayi wina anafuna chithunzi cha mwana wake atavala yunifolomu ya sukulu ya mkaka. Ndinamuuza kuti chinawonongeka. Anandiyang'ana n'kunena kuti madzi akatayika saoleka, ine n'kuvomera ndi mutu.

Atatuluka m'pamene ndinakumbukira kuti wometa uja analipira chithunzi chake, ndiye kuti anapatsidwa chosindikiza. Ndinatseka situdiyo dzuwa lili paliwombo. Ndinadutsa pa ogulitsa nsapato zakaunjika, pa owotcherera mageti, n'kukhotera m'kanjira ka madzi a sopo. Mtima unkagunda ngati wa mtsikana, ine gogo wa mdzukulu.

Wometayo anali akumeta bambo wina wadazi la pakati. Nditalonjera n'kufotokoza, analoza ndi chipeso pamwamba pa galasi. Chinali pomwepo, m'felemu yakuda, chitayezuka ndi dzuwa, tsitsi la anthu litamatirira m'makona. Wometa anali ataima pambali pa mpando wake, wachinyamata, mimba isanatuluke. Galasi linalipo kumbuyo kwake. Koma chithunzicho chinathera pakati pa galasilo.

Ndinali nditaiwala khalidwe la malemu. Posindikiza ankadula chilichonse chosafunika, ndipo akadziona yekha m'galasi kapena pa windo la galimoto ankadzidula msanga. Ankati kasitomala salipira nkhope ya wojambula.

M'mphepete mwenimweni munatsala chigongono. Dzanja la shati lopindidwa kawiri, mmene ankapindira, ndi kachipsera ka njinga kamene anakatenga tisanakwatirane. Basi.

"Mwapeza chimene mumafuna, mayi?" anafunsa wometayo, makina ake akulira.

"Ndi chigongono chawo icho."

Anazimitsa makina. Anayang'ana chithunzicho, anandiyang'ana ine, kenako anakwera pa benchi n'kuchitsitsa. Anachipukuta ndi thaulo la makasitomala n'kundipatsa, akuti iye nkhope yake amaiona tsiku lonse m'galasi, yamukwana. Bambo wadaziyo anadikira theka la mutu lisanametedwe, osadandaula.

Ku situdiyo ndinapeza alamu akumata galasi la foni ya munthu. Ndinaika felemuyo patebulo n'kuloza m'mphepete. Anayang'anitsitsa nthawi yaitali. Kenako anachotsa chithunzicho mosamala, anachiika pa sikana, ndipo chigongono cha akulu awo chinatuluka pa kompyuta, chachikulu, chosaoneka bwino.

"Ndisunge pati, alamu?" anafunsa motsitsa mawu.

Ndinatsegula dirowa ya malemu n'kutulutsa zolembera zawo ziwiri za madontho aja. Chofiira chinali chitauma, ndinachita kuchinyowetsa ndi malovu.

"Pawiri," ndinatero.