Ng'oma Yopanda Wovomera

Achigubu, oimba ng'oma a gulu la ochemerera, anali asanaonepo chigoli cha timu yawo ndi maso. Ntchito yawo inali kufulatira bwalo n'kuyang'ana khamu, choncho mpira ankauwerenga pankhope za anthu. Khamu likadzuka pamipando, iwo ankadziwa kuti zatheka.

Tsiku lotseka ligi panalibe amene anali ndi mantha. Aliyense ankati kuwina kokha n'kokwanira, poti timu imene ankalimbana nayo kumunsi kwa ligi inkasewera ndi akatswiri kubwalo lina, ndipo kumeneko inkayenera kukwapulidwa basi.

Anyamata anachinya ziwiri. Wezulo yomaliza italira, Achigubu anatsinzina n'kuimenya ng'oma ija ngati yawalakwira, uku akutsogolera nyimbo yachipambano, thukuta lili kamukamu. Palibe amene anavomera. Atatsegula maso anaona anthu ali duu, ena mafoni ali kukhutu, mayi wina atagwira manja kumutu.

"Vomerani, inu! Kodi tili pamaliro?" anakalipa Achigubu.

Mlamu wawo anatsika pampando n'kudzawagwira dzanja.

"Alamu, basi, siyani. Anzathu aja achinya mphindi yomaliza kubwalo lina lija, nawonso awina. Tatuluka mu ligi."

"Koma si tawina ife?"

"Tawina, alamu."

Pamenepo Achigubu anatembenuka kuti aone anyamata amene akhala akuwaimbira zaka zonsezi. Onse anali chigonere pa kapinga atadziphimba majezi kumaso, moti munthu wodziwa kuwerenga nkhope uja sanapeze ngakhale imodzi yomuuza kuti mlamu wake akunama.