Puloti Yopapatiza Ngati Bedi

"Ndi pano?" Loretta anafunsa, pepala la ku khothi lili m'manja.

Darnise, mng'ono wake, anayang'ana mapu pafoni n'kungogwedeza mutu kuvomera.

M'mawa womwewo boma la ku Georgia linkagulitsa pa okushoni, pamasitepe a khothi, malo a anthu osakhoma msonkho. Loretta anakweza dzanja kamodzi kokha, madola 800 omwe ankasungira matayala a galimoto n'kupita. Palibe anapikisana naye. Azibambo ozolowera malondawa anangoyang'anana n'kumwetulira, iye n'kumati ndi nsanje.

Tsopano anaona chimene ankamwetulira. Puloti yake inali kamzere pakati pa nyumba ziwiri, kotalika ndithu, koma m'lifupi ngati bedi la mwana.

"Achemwali, mumangepo nyumba yogona choimirira," anatero Darnise.

"Iwe, si ndiwe unkati anthu akulemera nazo zimenezi? Matayala atha, ana atatu akudikira. Kuntchito ndizipita pamsana pako?"

Phokosolo linatulutsa bambo wina wachikulire m'nyumba ya kumanzere. Anati dzina lawo ndi a Purvis. Atawerenga pepalalo anavula magalasi, n'kuwavalanso. Njira yolowera m'galaja mwawo inali pakamzere komweko. Sankadziwa n'komwe kuti ndi puloti yapayokha. Msonkho wake ankakhoma ndi malemu akazi awo, ndipo chimwalirireni makalata a boma ankangowaponya m'bokosi la nsapato osatsegula.

"Ndiye kuti galimoto yanga ikudutsa kwanu, mayi?"

"Kuyambira teni koloko m'mawa uno, bambo."

A Purvis anaseka mpaka kutsamira mpanda. Lamulo la ku Georgia ankalidziwa: mwini malo ali ndi chaka chowombolera, koma abweze ndalama za wogula n'kuwonjezapo makumi awiri pa zana lililonse. Anati chaka sangadikire, sangagone tulo njira ya kugalaja ili m'manja mwa eni.

Lachisanu anabweretsa cheke cha madola 960 ndi thumba la mtedza wa mumtengo wawo. Loretta anagula matayala anayi tsiku lomwelo. Darnise anayamba kuuza aliyense kutchalitchi kuti nzeru zinali zake.

Mndandanda wa okushoni yotsatira utatuluka, Loretta anamudzutsa Darnise Loweruka m'mamawa n'kumupatsa tepi yoyezera.

"Pali mapuloti khumi ndi awiri. Tiwaona onse ndi maso. Gwira uko, ukoke."